Njala, ludzu, tulo ndi mpweya: mafunso ndi mayankho pa zimene thupi limafuna

Thupi likafuna madzi kukhosi kumauma, likafuna chakudya m'mimba mumalira, likafuna tulo zikope zimalemera. Masiku ambiri mauthenga amenewa amanena zoona ndipo kungowamvera n'kokwanira. Koma pali nthawi zina zodziwika bwino pamene uthenga umachedwa, umanama kapena subwera n'komwe, ndipo anthu ambiri amavulalira pomwepo. Mayankho otsatirawa akufotokoza mmene mauthengawa amayambira komanso pamene simuyenera kuwakhulupirira.

Kodi njala, ludzu ndi tulo zimachokera kuti kwenikweni?

Timamva njala m'mimba ndi ludzu kukhosi, koma mwini nkhani ndi kachigawo kena ka pansi pa ubongo kotchedwa hypothalamus, kosaposa kukula kwa mtedza wosasenda. Kachigawoka kamakhala kakuyeza magazi usana ndi usiku: muli madzi ochuluka bwanji, mchere ndi shuga zili pati, akutentha motani. Thupi limafuna kuti zinthuzi zisapyole malire ake. Kutentha kuzikhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5, ndipo shuga wa munthu amene sanadye azikhala cha pakati pa 4 ndi 5.5 pa muyeso wa shuga wotchedwa mmol/L. Wasayansi wa ku America, Walter Cannon, ndiye anatcha ntchito yosunga malireyi kuti homeostasis m'zaka za m'ma 1920.

Chinthu chikayamba kupatuka, thupi limayamba lakonza lokha mwakachetechete. Impso zimasunga madzi, chiwindi chimatulutsa shuga wosungidwa. Zikakanika m'pamene limakuvutitsani ndi ludzu kapena njala kuti inuyo muchitepo kanthu.

Pa zonsezi, chofulumira kupha munthu chikasowa n'chiti?

Mpweya. Ubongo ukakhala mphindi 4 mpaka 6 wopanda okosijeni umayamba kuwonongeka. Kenako madzi: munthu amatha masiku ochepa chabe, ndipo kukamatentha masikuwo amacheperachepera. Chakudya chimabwera pambuyo, poti munthu wathanzi amene akumwa madzi amatha milungu ingapo. Kutentha kapena kuzizira kopitirira kungaphe m'maola ochepa. N'chifukwa chake pangozi mumayamba mwaona ngati munthu akupuma musanathamangire kukamutungira madzi, ndipo wokomoka samwetsedwa kanthu chifukwa angatsamwe.

N'chifukwa chiyani munthu sangathe kugwira mpweya nthawi yaitali?

Ambiri amaganiza kuti chimene chimatibanikitsa ndi kutha kwa okosijeni. Chimene thupi limamva msanga ndi kuchuluka kwa mpweya woipa umene timatulutsa, kaboni dayokisaidi. Ukaunjikana m'magazi, tsinde la ubongo limalamula kuti mupume, mufune musafune. Munthu wamkulu akakhala phee amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi.

Apa pali msampha kwa osambira kunyanja ndi m'madamu. Anyamata ena asanamire amapuma mofulumira kambirimbiri kuti akakhalitse pansi pa madzi. Kuteroko kumangochotsa kaboni dayokisaidi, okosijeni sawonjezeka kwenikweni. Ndiye belu lochenjeza lija limachedwa kulira, okosijeni amatha, munthu n'kukomokera m'madzi asanamve n'komwe kufuna kupuma.

Nanga anthu ogona ndi mbaula m'nyumba amafa bwanji osadzuka n'kuthawa?

Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wina wotchedwa kaboni monokisaidi. Ulibe fungo, ulibe mtundu, suyabwa m'maso ngati utsi wa nkhuni. Ukalowa m'mapapo umakamatirira ku hemoglobini, chinthu chofiira cha m'magazi chonyamula okosijeni, ndipo umagwira mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200. Magazi amayenda bwinobwino koma atanyamula katundu wolakwika.

Popeza kaboni dayokisaidi sanachuluke, thupi silimva kubanika. Amene ali maso amamva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, n'kumati mwina ndi malungo kapena kutopa. Amene ali m'tulo samva chilichonse. Chizindikiro chimodzi chothandiza ndi ichi: anthu onse a m'chipinda chimodzi akadwala mutu nthawi imodzi, ndipo amene watuluka panja akupezako bwino, kaikirani mbaula.

Ngozizi zimachuluka mu June ndi July, pamene anthu amatseka mazenera ndi kutchinga mipata ya pansi pa chitseko ndi nsanza. Makala amene aoneka kuti azima, ataphimbika ndi phulusa, amakhala akutulutsabe mpweyawu. Tulutsani mbaula musanagone. Jenereta nayonso isalire m'nyumba kapena pakhonde lotchinga. Mukapeza munthu atafooka m'chipinda chotere, tsekulani zitseko, mutulutsireni panja, ndipo thamangirani naye kuchipatala kuti akapatsidwe okosijeni ngakhale atatsitsimuka. Mkaka suchotsa poizoni ameneyu.

Ndingadziwe bwanji kuti mwana akupuma mofulumira kwambiri?

Dikirani kuti akhale chete kapena agone, muvuleni pachifuwa, muwerenge kwa mphindi yathunthu pa wotchi ya pafoni. Mwana wosakwana miyezi 2 akapuma ka 60 kapena kuposa, wa miyezi 2 mpaka 11 ka 50, wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 ka 40, ndiye kuti akupuma mofulumira ndipo chikhoza kukhala chibayo. Ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa mkati pokoka mpweya, musadikire kuti kuche.

Munthu ayenera kumwa madzi ochuluka bwanji patsiku?

Palibe nambala imodzi yokwanira aliyense. Thupi la munthu wamkulu pafupifupi magawo 60 pa 100 ndi madzi, ndipo tsiku wamba limataya malita 2 kapena kuposerapo pang'ono kudzera mumkodzo, thukuta, mpweya ndi chimbudzi. Ena mwa madziwa amabwerera kudzera m'phala, ndiwo, zipatso, tiyi ndi thobwa. Koma mlimi amene akugalauza mizere mu October, kapena wakabaza wopalasa masana, amatha kutaya lita yathunthu ya thukuta pa ola limodzi. Mayi woyamwitsa nayenso amafuna oonjezera.

Muyeso wosavuta ndi mkodzo. Ukakhala wachikasu chowala, muli bwino. Ukakhala wochepa, wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, mwachedwa kumwa. Impso zimasefa malita pafupifupi 180 patsiku n'kubweza pafupifupi onse m'magazi, kusiya lita imodzi kapena awiri okha. Madzi akachepa, ubongo umatumiza homoni (kamthenga koyenda m'magazi) youza impso kuti zibweze ochulukirapo, ndiye mkodzo umada.

Kodi kudikira ludzu n'kokwanira?

Kwa munthu wamkulu wathanzi, inde. Kwa magulu atatu, ayi. Okalamba samva ludzu mwamphamvu ngati kale, ndipo ena amadzimana madzi dala poopa kudzukadzuka usiku. Agogo amene ayamba kusokonezeka mutu tsiku lotentha, yambani mwafunsa kuti amwa chiyani chikhalire m'mawa. Ana aang'ono amamva ludzu koma satha kunena kapena kudzitungira. Odwala kwambiri amafooka mpaka osafunanso kumwa, ndipo kukana kumwako ndi chizindikiro choopsa kuposa ludzulo.

Mwa mwana, yang'anani maso olowa mkati, liwombo lolowa, kulira kopanda misozi, thewera louma kwa maola 6 kapena kuposa, ndi khungu la pamimba limene mukalitsina limachedwa kubwerera. Khanda losakwana miyezi 6 lokha ndilo silimwetsedwa madzi ngakhale kutenthe bwanji: mkaka wa m'mawere pafupifupi magawo 87 pa 100 ndi madzi, ndipo chofunika n'kuyamwitsa pafupipafupi.

Munthu akamatsekula m'mimba, bwanji osangomupatsa madzi wamba?

Chifukwa akutaya madzi pamodzi ndi mchere, ndipo matumbo odwala satenga bwino madzi opanda kanthu. M'matumbo muli tizipata timene timalowetsa mchere pokhapokha utabwera limodzi ndi shuga, ndipo awiriwa akalowa madzi amatsatira. Tizipata timeneti timagwirabe ntchito ngakhale pa kolera. Thanzi ORS anapangidwa potengera zimenezi.

Sungunulani paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira kolorini. Mukachepetsa madzi kuti akhale "amphamvu", mchere umachuluka ndipo mukhoza kumuvulaza mwana. Wosakwana zaka 2 amwe mamililita 50 mpaka 100 nthawi iliyonse akatsekula, wa zaka 2 mpaka 10 amwe 100 mpaka 200, wamkulu amwe mmene angathere. Akasanza, dikirani mphindi 10 n'kuyambiranso ndi sipuni, pang'onopang'ono. Otsala atayeni pakatha maola 24. Mwana apatsidwenso zinki kwa masiku 10 mpaka 14, mamiligalamu 20 patsiku, kapena 10 ngati sanakwane miyezi 6, ndipo apitirize kuyamwa ndi kudya.

Paketi ikasowa, thirani masipuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi. Laweni: asawawe mchere kuposa misozi. Zakumwa zozizilitsa kukhosi za m'mabotolo sizilowa m'malo mwake, shuga wake ndi wochuluka kwambiri moti amakokera madzi m'matumbo n'kuwonjezera kutsekulako.

Kolera imafuna changu chapadera. Chimbudzi chooneka ngati madzi otsukira mpunga chimatha kuumitsa munthu wamkulu m'maola ochepa, monga zinaonekera pa mliri wa 2022 mpaka 2023 umene unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi. Wodwala azimwa ORS ali m'njira yopita kuchipatala. Akalephera kumwa amafunika diripi.

Ndimamwa madzi ambiri koma ludzu silitha. Vuto n'chiyani?

Kayezetseni shuga. Shuga wa m'magazi akapyola cha pa 10, impso zimalephera kumubweza yense, amatayikira mumkodzo ndipo amakoka madzi. Munthu amakodza pafupipafupi usiku wonse, amamva ludzu losatha, amadya kwambiri koma akuwonda. Ena amazindikira ataona nyerere zikuunjikana pamene akodza. Mowa nawonso umaletsa homoni yosunga madzi ija, n'chifukwa chake womwa amakodzakodza usiku, m'mawa n'kudzuka ndi matsire kukhosi kuli gwa.

N'chifukwa chiyani njala imabwera pa nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse?

M'mimba mukakhala mopanda kanthu mumatuluka homoni yotchedwa ghrelin, imene asayansi a ku Japan anaitulukira mu 1999. Imakwera nthawi imene munazolowera kudya, ndipo mukapanda kudya imatsikanso yokha pakapita kanthawi. Ndiko kuja anthu amati njala yandipitirira. Mafuta a m'thupi nawo amatulutsa leptin, yodziwika kuyambira 1994, imene imauza ubongo kuchuluka kwa nkhokwe. Munthu akawonda leptin amatsika ndipo njala imakula, n'chifukwa chake kuchepetsa thupi kumavuta kukusunga.

Uthenga wa kukhuta umachedwa, umatenga mphindi ngati 20 kuti ufike. Wodya mothamanga amakhala atapitirira kale pamene ukufika. Mtundu wa chakudya nawo umasintha zinthu. Tiyi wa shuga wambiri ndi buledi woyera kapena mandasi zimakweza shuga msanga n'kumutsitsanso msanga, ndiye pofika 10 koloko mukunjenjemera. Phala la mgaiwa lotendera, mbatata, nyemba kapena dzira zimakhalitsa chifukwa zimagayika pang'onopang'ono.

Chichewa chimasiyanitsa bwino njala ndi nkhuli. Wanjala amadya nsima ya chisoso osadandaula. Wankhuli wakhuta kale koma fungo la kanyenya pamsika likumukoka. Nkhuli imayendera njira ina ya mu ubongo, ya zokondweretsa, ndipo siidalira kuti thupi likusowadi kanthu.

Chimachitika n'chiyani munthu akasala kudya?

Poyamba chiwindi chimatulutsa shuga amene chinasunga, pafupifupi magalamu 100, ndipo amatha pasanathe tsiku lathunthu. Kenako thupi limayamba kuwotcha mafuta, komanso kuphwanya minofu pang'ono kuti ubongo upeze shuga. Pakatha masiku awiri kapena atatu njala imacheperako ndipo m'kamwa mumatuluka kafungo kachilendo. Kuchepa kwa njalako sikutanthauza kuti thupi lasiya kudzidya.

Munthu wathanzi amapirira bwino kusala kwa tsiku limodzi kapena kwa masana monga pa Ramadan. Obaya insulini kapena omwa mapiritsi ena a shuga, amayi oyembekezera, ndi odwala impso ayambe akambirana ndi dokotala. Shuga akatsika kwambiri munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta lozizira, amalankhula zosamveka. Ngati akadali maso, mupatseni masipuni a tiyi 3 kapena 4 a shuga m'madzi nthawi yomweyo.

Ngozi ina ili pomasula. Amene wakhala masiku ambiri osadya akangoyamba ndi mbale yodzaza ya nsima, michere ina ya m'magazi imathamangira m'maselo mwadzidzidzi ndipo mtima ukhoza kusokonezeka. Ayambe ndi phala lochepa, n'kumaonjezera pang'onopang'ono kwa masiku angapo.

Mwana akukhuta tsiku lililonse. Angakhale bwanji wonyentchera?

Njala imayeza kudzaza kwa mimba ndi mphamvu, siidziwa ngati m'chakudya muli ayironi, zinki kapena vitamini A. Phala lamadzimadzi la ufa woyera limadzaza kamimba kakang'ono popanda kupereka zambiri. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 osakwana zaka 5 m'Malawi anali opinimbira. N'chifukwa chake alangizi a zaumoyo amalimbikira za magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, za m'gulu la nyemba, zochokera ku nyama, masamba, zipatso ndi mafuta. Phala likhale lolimba losayenderera pasipuni, muthiremo nsinjiro, usipa wosinja kapena sipuni ya mafuta.

Kusikelo amayeza mkono ndi kalamba ka mitundu. Mwana wa miyezi 6 mpaka zaka 5 akapezeka pansi pa masentimita 11.5, pofiira, kapena akatupa mapazi onse awiri, ndi wonyentchera kwambiri. Amamuyesa ngati angadye chiponde. Akadya, amalandira mapaketi n'kumachira ali kunyumba. Akakana, amagonekedwa, chifukwa mwana wowonda chotero amene sakumvanso njala ndiye ali pangozi yaikulu. Chiponde ndi mankhwala a mwana mmodziyo, si chogawana ndi abale ake.

Amayi oyembekezera olakalaka dothi nawonso akayezetse magazi. Chilakolako chimenechi chimayenda kawirikawiri ndi kuchepa kwa ayironi, koma dothilo silipereka ayironi wothandiza, ndipo likhoza kubweretsa njoka za m'mimba.

Tulo tokwanira ndi maola angati, ndipo munthu angazolowere kugona pang'ono?

Wamkulu amafuna maola 7 mpaka 9, wachinyamata 8 mpaka 10, mwana wa sukulu 9 mpaka 12, khanda 14 mpaka 17. Zinthu ziwiri zimabweretsa tulo. China ndi adenosine, amene amaunjikana mu ubongo kuyambira pamene mwadzuka. China ndi wotchi ya m'thupi yoyendera kuwala, imene imatulutsa homoni ya tulo yotchedwa melatonin kukada. Khofi, tiyi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zimangotseka pamene adenosine amagwira, ngongole ya tulo imakhala ilipobe. Theka la kafeini wa m'zakumwazi limakhala likadali m'magazi patatha maola ngati 5, ndiye kapu ya madzulo imaonekera pakati pa usiku.

Chimene chimazolowera ndi maganizo okha. Wogona maola 5 tsiku ndi tsiku amasiya kumva kuti watopa, koma akayesedwa amapezeka akuchedwa kuchitapo kanthu ndi kulakwitsa zambiri. Munthu amene wakhala maso maola 17 amayendetsa galimoto ngati wamwako mowa. Dalaivala woyenda usiku pa M1 amatha kugona masekondi 3 kapena 4 maso ali chitsegulire, ndipo pa liwiro la makilomita 100 pa ola galimoto imakhala itayenda yokha mamita pafupifupi 100. Kutsekula zenera kapena kukweza wailesi sikuthandiza. Imani, mugone mphindi 20.

Mkonono waukulu wodukizadukiza, pamene munthu amasiya kupuma kenako n'kudzidzimuka, ndi matenda. Amagona usiku wonse koma amadzuka wotopa, amawodzera masana, ndipo BP imakwera.

N'chifukwa chiyani wodwala malungo amanjenjemera thupi lili moto?

Tizilombo tikalowa, hypothalamus imakweza muyeso wake wa kutentha, tinene kufika pa 39. Thupi likadali pa 37 limadziona ngati lazizira, ndiye limanjenjemera kuti lipange kutentha. Muyeso ukatsikanso, thukuta limatuluka. Musamuunjikire mabulangete. Mumwetseni zamadzimadzi ndipo akayezetse magazi tsiku lomwelo, poti si kutentha thupi kulikonse kuli malungo. Khanda losakwana miyezi 2 likatentha thupi, kapena likazizira n'kusiya kuyamwa, ndi nkhani ya kuchipatala nthawi yomweyo.

Kutenthedwa ndi dzuwa n'kwina. Ku Nsanje ndi Chikwawa kumapyola madigiri 40 dzinja lisanayambe. Munthu wogwira ntchito padzuwa akayamba kudzandira, kulankhula zosokonekera kapena kukomoka, thupi lake lalephera kudziziziritsa. Panado sathandiza pamenepa. Muikeni pamthunzi, muvuleni, muthireni madzi thupi lonse, mukupizeni, ikani nsalu zonyowa m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, ndipo pitirizani kutero muli m'njira.

Makanda obadwa masiku asanakwane amazizira msanga ngakhale kunja kukutentha. Njira ya kangaru, yoika mwana chifuwa ndi chifuwa pa mayi atavala thewera ndi chipewa chokha, inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978 ndipo imagwiritsidwa ntchito kwa ana osakwana makilogalamu 2.5. Khanda lililonse lisasambitsidwe mpaka patatha maola 24 chibadwire. Za kachasu woti atenthetse thupi m'chisanu cha ku Dedza, iwalani: amatsekula mitsempha ya pakhungu, munthu amamva kufunda pamene kutentha kukuthawa.

Kodi kusunga mkodzo kapena chimbudzi kumavulaza?

Kamodzikamodzi ayi. Chikhodzodzo chimasunga mamililita 400 mpaka 600, ndipo mumayamba kumva chisanafike theka. Chizolowezi chosunga tsiku lonse, monga amachitira ogulitsa pamsika ndi atsikana kusukulu zopanda zimbudzi zabwino, chimapereka mpata woti tizilombo tiswane, makamaka akamadzimananso madzi. Magazi kumapeto kwa mkodzo mwa mwana wosambira m'nyanja kapena m'dambo kawirikawiri ndi likodzo, ndipo limachizika ndi praziquantel. Abambo achikulire amene mkodzo ukutuluka modontha, kapena watsekeratu chinena chili chotupa, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Pa chimbudzi, katatu patsiku mpaka katatu pamlungu zonse n'zabwinobwino. Mukamachibweza, matumbo amapitiriza kuchotsamo madzi, chimauma, kudzimbidwa n'kuyamba.

Nanga chilakolako chogonana chili m'gulu lomweli?

Chimachokera ku mahomoni ndi ubongo womwewo, koma chimasiyana ndi zinazi pa mfundo imodzi: palibe chimene chimatha m'magazi munthu akakhala osagonana. Zoti mwamuna akakhalitsa amadwala msana kapena kusokonezeka mutu zilibe umboni. Umuna wosatuluka thupi limauphwanya n'kuutenganso, kapena umatuluka m'tulo. Chilakolako chimakwera ndi kutsika malinga ndi msinkhu, kutopa, nkhawa, kuyamwitsa ndi mankhwala ena. Mwamuna amene mphamvu zayamba kuchepa kwa miyezi ingapo ayambe wayezetsa shuga ndi BP asanagule mankhwala a pamsika, chifukwa mitsempha ing'onoing'ono ya kumeneko ndi imene imayamba kuonetsa vuto la matenda awiriwa.